Manja a amake Doro

1995

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazikometsa kuposa ine. Ndiyambira pamene ndinavala gauni yoyera koyamba. Ndisanapite kukaphunzira za mu labu ndinkagulitsa kaunjika pa Chinamwali, ndipo ndikuuzeni mosabisa kuti pa sukulu ziwirizo, imene inandithandiza kwambiri pa ntchito ya boma ndi ya pa kaunjikayo. Munthu amene anagulitsapo jekete yaubweya kwa mphunzitsi mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, palibe chingamuvute m'chipatala.

Ananditumiza ku chipatala china cha mu Zomba momwemu, nthawi imene aliyense ankangoyankhula za matipate ndi ufulu. Ufuluwo unalipodi, koma mu labu munalibe timagalasi topakapo magazi. Bwana wanga anali a Malunga, mkulu wa mpingo, wamtali, wosaseka, amene ankatsuka kagalasi kamodzi mpaka kuperepeseka. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu.

"Ndamva kuti munali wa kaunjika, a Makwinja."

"Eya bwana, koma ndinalapa."

"Musalape. Kuno tikufuna munthu wotero."

Basi ntchito yanga yeniyeni inakhala imeneyo. Utoto wopakira magazi ukatha, ndine ndinkakwera minibasi kukasinthanitsa ndi magolovesi ku chipatala cha mishoni. Magetsi akazima, ndine ndinkanyamula mankhwala athu kukawasungitsa m'filiji ya palafini ya bwana Adamu, mmwenye wa sitolo ya nsalu m'tauni, amene ankangofuna kuti ndizimuyeza shuga n'kumamunamiza kuti akuoneka wachinyamata. Anzanga a kusukulu ankakwezedwa pa ntchito chifukwa cha mapepala, ine ndinkadziwika chifukwa cha pakamwa.

A Malunga sankatha kunenerera ngakhale tomato, koma magazi ankawadziwa. Ndi iwo anandionetsa kuti magazi a munthu wovulala kwambiri sakhalanso magazi amene munawerenga m'buku. Akabwera wa ngozi, ankati ndithire magazi ake pang'ono m'kabotolo kagalasi, ndikaimike pa tebulo, ndipite ndikamwe tiyi. Magazi a munthu wabwinobwino mumawapeza ataundana, mukapendeketsa kabotolo sayenda. Koma a munthu amene wataya magazi ambiri, wazizidwa, mafupa aphwanyika, mumabwerako n'kuwapeza akadali madzi. Woteroyo ngakhale mumusoke bwanji, amachucha pa ulusi pomwepo, pobaya jakisoni, ngakhale m'nkhama. Kenako ankandikhazika pa maikulosikopu. "Onani asilikali," ankatero, kunena maselo oyera aja amene amatiteteza ku matenda. Tsiku la ngozi amatuluka onse piringupiringu ngati msika wa Loweruka, ngakhale ana osakhwima amene sanamalize maphunziro. Pakapita masiku mumafufuza kagalasi konse, asilikali ena aang'ono ozungulira osawaonanso, otsalawo ali lefu. Ndi pamene bala limayamba mafinya, chifuwa n'kugwira. "Ndipo ichi musachiiwale," anandiuza tsiku lina. "Asilikali akasokonezeka, amasokonezanso magazi. Magazi amene anakana kuundana tsiku loyamba, sabata yotsatira amaundana pamene simunawatume. Wodwala akayamba kuseka, ine ndi pamene ndimayamba kuopa." Ine ndinangoti bwana sakonda anthu oseka.

2003

Fanuwelo anali wocheka matabwa ku phiri. Masiku amenewo ankacheka ndi sowo yamanja, wina pamwamba pa chipika, wina pansi m'dzenje utuchi ukumugwera m'maso. Fanuwelo anali wapansi. M'mawa wina thandala limene linanyamula chipika cha paini linathyoka, chipikacho n'kumutsamira pa ntchafu ndi m'chiuno. Anzake anamugoneka pa thabwa, kumutulutsa m'nkhalango muli chifunga chokhachokha, mpaka lole ya matabwa inawatola. Pofika ku chipatala kwathu anali atazizira ngati mwala wa mumtsinje. A Nkhoma, amene ankagwira ku fiyeta, kochitira opaleshoni, ndipo tonse tinkangowatchula adokotala, anamutsegula, anamanga zomangika, koma magazi sanasiye. Kabotolo kanga pa tebulo kanali madzi okhaokha.

Tinamupatsa magazi a m'filiji, osathandiza. A Malunga anati magazi okhalitsa m'filiji amadzaza mitsempha koma mphamvu youndana imakhala itachepa. Pankafunika magazi otentha, otengedwa tsiku lomwelo, kuyezedwa, n'kuperekedwa. Anandiyang'ana. Ndinadziwa kuti wa kaunjika waitanidwa.

Anzake a Fanuwelo anali atakhala pansi pa mtengo panja pa wodi, utuchi ukadali m'tsitsi. Nyengo imeneyo m'midzi munali mphekesera za anthu opopa magazi, ndiye tangoganizani munthu wa gauni yoyera akubwera kudzapempha chomwecho masanasana.

"Achimwene, mnzanu akufuna magazi."

"Si muli nawo m'filiji? Mukusungira ndani?" anayankha wamkulu wawo, a Jemusi.

"A m'filiji aja ali ngati batire ya wailesi yoanika padzuwa. Imayankhula pang'ono, basi yatha."

"Ife ntchito yathu ndi ya mphamvu, adokotala. Mukatipopa, sowo akoka ndani? Nanga kunyumba tikanena chiyani kwa akazi athu?"

"Kunyumbako, akulu, nkhope yanuyo ikuonetsa kuti madandaulo anayamba kale ine ndisanabwere."

Anaseka mpaka wina kugwa chagada, koma palibe anaimirira. Pa kaunjika ndinaphunzira kuti munthu akamanyoza mtundu wa malaya, vuto si mtunduwo. Ndinakhala nawo pansi. Kenako wina anafunsa motsitsa mawu, maso ali pansi: "Nanga mukayeza n'kupeza zina?" Ndinati wofuna kumva ndimuuza payekha, wosafuna sindimuthamangira. Ndinalonjeza fanta, ndinalonjeza mabanzi, ndinatchula Mulungu, ndinatchula ana a Fanuwelo. Ndinali nditatsala pang'ono kulonjeza gauni yomwe pamene anatulukira mayi wamng'ono thupi, wopanda nsapato, thukuta lili kamukamu. Anali atathamanga kutsika phiri. Anali Esinala, mkazi wa Fanuwelo, amene onse ankamutcha amake Doro. Anamva mawu anga omaliza okha. Sanapereke moni kwa aliyense. Anangotambasula mkono.

"Yambani ine."

Magazi ake sanagwirizane ndi a mwamuna wake, koma zimenezo amuna aja sanazidziwe. Anaimirira mmodzimmodzi, a Jemusi patsogolo, akung'ung'udza kuti fanta ikhale yozizira. Pakamwa panga ponse paja panagonja kwa mkono umodzi wowonda. Dzuwa likupendeka, titamupatsa magazi a anzakewo, ndinatenganso magazi a Fanuwelo, kuimika kabotolo, kumwa tiyi wosamumva kukoma. Nditabwerako ndinakapendeketsa. Magazi sanayende. A Malunga anakalanda, kukatembenuza chadodolido, n'kumwetulira. Aka kanali koyamba kuwaona mano.

Fanuwelo anatsitsimuka. Anamugoneka mu wodi ya amuna, mwendo atauzika chitsulo n'kumangirira thumba la mchenga kuti fupa liwongoke. Anali munthu wanthabwala. M'mawa uliwonse ndikamabwera kudzamubaya chala ankakuwa, "Bisalani, udzudzu wa boma wafika!" Amake Doro ankagona pansi pa bedi lake pa mkeka, monga amachitira magadiyani onse, kumusambitsa, kumutembenuza, kumuphikira ku khitchini ya magadiyani kuseri kwa wodi. Pa kagalasi zinthu zinayenda monga a Malunga ananenera. Asilikali aja anachepa, thupi linatentha, bala linayamba kununkha. Mankhwala amphamvu kunalibe, ndinakawapeza posinthanitsa ndi timabotolo tathu ta magazi. Kutentha kunatsika. Ndinayamba kuyenda ngati chipatala ndi changa.

Sabata yachiwiri katumba wa mwendo wovulala uja anatupa, kutentha, khungu kuwala. A Nkhoma anagwira pang'ono n'kupukusa mutu. Anati magazi aundana mu mtsempha waukulu, ndipo choopsa n'choti chidutswa chingachoke n'kukatseka m'mapapo. Mankhwala osungunula magazi ku famase kunalibe, ndiponso anati ngakhale akanakhalapo akanawapereka mtima uli m'mwamba, poti munthuyu sabata yapitayo ankachucha osasiya. Anauza anesi, anauzanso magadiyani onse mokweza kuti mwendo wotupa chotere asautikite, asauthowe, augoneke pa pilo basi. Onse anati, "Chabwino adokotala." Koma wodi yonse ija inali ndi nesi mmodzi. Ine ndinayendayenda kufuna mankhwalawo, ku mishoni, ku Blantyre, kulikonse kumene ndinali ndi mnzanga. Ndinabwerako chimanjamanja. Ukaunjika wanga unathera pamenepo.

Masana ena Fanuwelo atangomaliza kudya, anati chifuwa chamugwira. Anapempha madzi. Pamene nesi ankafika kuchokera kumapeto kwa wodi, anali atapita. A Nkhoma anati chidutswa chija chakafika m'mapapo. Achibale sanalole kuti thupi ling'ambidwe, ndipo ife sitinaumirire. A Jemusi ndi anzawo anabwera ndi matabwa ocheka okha.

Chaka chomwecho, maliro atapita

Ndinkatsuka timagalasi kuseri kwa labu pamene ndinamva "odi" wotsika. Anali amake Doro, atavala duku lakuda, m'manja muli kadengu ka mabulosi a ku phiri. Ndinawapatsa benchi.

"Ndabwera kudzathokoza, bambo. Munayesetsa."

"Ayi mayi, tinalephera."

"Simunalephere. Inali nthawi yawo. Chimene chikunditonthoza ine n'choti sanapite ndi ululu wa mwendo uja. Ndinkawathowa."

Madzi a sopo anali m'manja mwanga, ndipo ndinamva akuzizira. Inu ana a masiku ano mwina simudziwa kuthowa. Amatereka madzi, kuviika kansalu, kukafinya, n'kumadinda potupa, kenako kutikita ndi zala mpaka mnofu ufewe. Amayi anga ankandithowa ndikabwera ku mpira. Ndi chikondi chimene anthu athu amachidziwa ndi manja, ndipo pa zotupa zambiri chimathandizadi.

"Koma si adokotala anakaniza?" ndinafunsa.

"Anakaniza, eya. Masiku oyamba ndinamvera. Koma apongozi anga atabwera anandikalipira pamaso pa anthu. Akuti mkazi wanji woonerera mwendo wa mwamuna wake ukutupa manja ali pa chitenje? Ndiye nesi akapita kukadya, ndinkatchinga nsalu. Tsiku lomaliza lija ndinawatikita bwinobwino, kuyambira ku chidendene kukwera nawo, mpaka anati, amake Doro, lero wapepuka." Anamwetulira pokumbukira. "Ndawaphunzitsanso mayi a pa bedi loyandikana aja, amuna awo a njinga amene anagundidwa ndi lole. Nawonso mwendo watupa chimodzimodzi. Ndadzera komweko, ndawasiya akutereka madzi."

Ana anga, pa ntchito yanga yonse palibe pamene ndinafunitsitsa kukhala munthu wina ngati pa benchi imeneyo. Ndikanatha kuthamangira ku khitchini ndekha n'kukaletsa mayi winayo. Koma mayiyo anali atamva kale kwa a Nkhoma, anamva kwa nesi, ndipo madzi anali pamoto. Ku khitchini ya magadiyani mawu a munthu wa gauni amathera pakhomo. Amayi a kumeneko amamvera mayi mnzawo amene anagona pansi pa bedi ngati iwo. Akanandiyankha "chabwino adokotala," n'kudikira kuti nesi apite kukadya. Munthu mmodzi yekha amene akanachotsa mphika uja pamoto osabwereranso anali amene anakhala pambali panga, akumwetulira, ndi chitonthozo chimodzi chokha chimene anatsala nacho. Kuti mwamuna wa pa bedi loyandikana apulumuke, ndinayenera kulanda mayiyu chitonthozocho. Ine amene ndinkatha kukometsa chilichonse, ndinafufuza mawu okometsera ichi, osawapeza.

"Mayi, ndikuuzani chinthu, ndipo mundikhululukire. Kutupa kuja sikunali kutupa wamba. Anali magazi oundana mkati mwa mtsempha. Akachoka pamenepo amakatseka m'mapapo, ndi chimene chinawatenga bambo. Nthawi zina amachoka okha, munthu osamugwira n'komwe. Koma kutikita kumatha kuwasuntha."

Anasiya kumwetulira.

"Mukuti ndi ine?"

"Ndikuti sitingadziwe. Mwina akanachoka okha. Mwina."

"Mwina," anabwereza. Anatembenuza manja awo pa miyendo, kuyang'ana zikhatho, kenako kuseri kwake, ngati ndi a munthu wina. "Ndiye mwina wanuyo mwandipatsa kuti ndipite naye kuti, bambo?"

Ndinangoti, "Madzi aja ali pamoto, mayi."

Anaimirira osalira. Ndinawatsatira chapatali. Ku khitchini kunali utsi ndi phokoso la amayi, koma atalowa ndi duku lakuda lija onse anatsitsa mawu. Anapita pa mafuwa a mayi uja, anaphula mphika ndi nsonga ya chitenje, anatuluka nawo, n'kukhuthulira pa dothi. Nthunzi inakwera.

"Chemwali, amuna anu musawagwire mwendo. Ine anga ndinawagwira."

Anabweza mphika, n'kulunjika ku geti. Kadengu ka mabulosi kanatsala pa benchi, ndipo sindinathe kudya ngakhale limodzi. Ndinapatsa alonda.

Mwamuna wa njinga uja anatuluka patapita miyezi, akuyendera ndodo, akukangana ndi mkazi wake za amene anasunga njinga. Sindinganene kuti anapulumuka chifukwa cha mphika uja, monganso sindinganene kuti Fanuwelo anafa chifukwa cha kansalu. Chimene ndikudziwa n'choti nkhaniyo inakhala ku khitchini ija kwa zaka, gadiyani wotuluka kusiyira wolowa, ndipo nesi sankafunikanso kukuwa. Nditawafotokozera a Malunga, anati, "Munachita bwino."

"Ndiye bwanji sizikukoma, bwana?"

"Anakuuzani ndani kuti zimakoma?"

Amake Doro ndinawaonapo kangapo pamsewu wa ku phiri akugulitsa mabulosi kwa alendo. Ankandipatsa moni waulemu, wogwada, maso ali kumbali. Ndinkayankha, n'kupitirira. Ndinkadziuza kuti nkhope yanga ndi bala kwa iwo, ndi bwino ndisamaionetse. Kaya kunali kuganizira iwo kapena kudziganizira ndekha, mpaka lero sindidziwa.

2019

Pofika chaka chimenechi a Malunga anali atagona kale, a Nkhoma anali atasamukira ku Lilongwe, ndipo asilikali aja ankawerengedwa ndi makina amene akafa tinkadikira munthu wochokera kunja. Ine ndinali bwana wa labu, imvi mbuu, ndikuwerengera zopuma. Mankhwala osungunula magazi tsopano ankapezeka, nthawi zina.

M'mawa wina kunabwera mayi wachitsikana kudzayezetsa malungo, khanda lili kumsana. Ndikumupukuta chala, anawerenga dzina pa gauni yanga.

"Ndinu a Makwinja? Amene bambo anga ankawatcha udzudzu wa boma?"

"Bambo anu ndani, mayi?"

"A Fanuwelo, ocheka matabwa. Ine ndine Doro."

Ndinaika thonje pansi. Ndinafunsa za amayi ake. Anati anatisiya chaka chatha, chifuwa. Ndinapepesa. Anamasula mwana kumsana n'kumukhazika pa miyendo, ndipo ndinaona kuti ali ndi china choti anene.

"Agogo, inu munali nawo kuno nthawi ya bambo. Kodi chinachitika n'chiyani ndi manja a amayi?"

"Manja awo anatani?"

"Ntchito ankagwira. Kulima, kuchapa, kusenza nkhuni kutsika nazo phiri. Koma wina akadwala pakhomo sankamugwira. Ankaphika phala, kuika pambali, n'kukaitana oyandikana nawo kuti adzamudzutse. Ine ndikadwala malungo ankakhala pakhomo la chipinda usana wonse, kungondiyang'ana. Nditabereka woyamba, mukudziwa kuti ndi mayi amene amathowa mwana wake akachira. Anatereka madzi okha, anabweretsa beseni mpaka pakhomo, n'kukhala pakhonde manja atawapisa m'chitenje. Anandithowa ndi apongozi. Mudzi wonse unayankhula. Ine ndinakula ndikudziwa kuti amayi sankandikonda kwenikweni, kungoti sankafuna kunena."

Panja panali mzere wa anthu mpaka pa khonde. Ndinauza mnzanga kuti apitirize, ndinatseka chitseko, ndinakoka mpando. Ndinamuuza zonse, za chipika, za mkono umene unatambasulidwa pansi pa mtengo, za apongozi, za benchi, za mphika. Ndinamuuza kuti ndine ndinawauza amayi ake, ndi chifukwa chake. Ndinamuuzanso kachiwiri, pang'onopang'ono, kuti palibe munthu padziko pano amene angatsimikize kuti anali manja awo.

Misozi inkatsikira pa chibwano cha Doro osaipukuta. Dzanja lake linali pa kamwendo ka mwana, likusisita lokha kuyambira ku kachidendene kukwera, monga amachitira mayi aliyense osaganiza n'komwe. Kenako anayang'ana pansi, anaona chimene dzanjalo linkachita, n'kulichotsa msanga.

"Ayi, mayi," ndinatero. "Ameneyo mugwireni."